Timaofesi topezera anthu ntchito pa Mangochi: ndalama yanu imagula chiyani?

Mukatsika minibasi pa depoti ya Mangochi n'kumalowera chakumsika, maso anu sangaphonye timaofesi ta fotokope tomwe pachitseko pake pamamatidwa mapepala olembedwa ndi maka: pakufunika wophika kunyanja, pakufunika mlonda, pakufunika mtsikana wapakhomo ku Blantyre. Poyamba ntchito ya timaofesi timeneti inali kutayipa makalata, kusindikiza mayeso a ana asukulu ndi kujambula zithunzi za pasipoti. Zopezera anthu ntchito zinabwera ngati ndiwo yapambali, koma pano kwa ena ndiyo yasanduka nsima yeniyeni. Kagwiridwe kake n'kofanana kulikonse, moti palibe chifukwa chotchulira dzina la kaofesi kalikonse. Chofunika n'kudziwa kuti pa zinthu zomwe amagulitsa, chaphindu ndi chiti ndipo chongokudyerani ndalama ndi chiti.

Mkati mumakhala tebulo, kompyuta imodzi, makina osindikizira ndi buku lalikulu la hadikava. Bukulo ndilo mtima wa bizinesi yonse. Tsamba lililonse lajambulidwa mizere ndi rula: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni, pomwe munalekezera sukulu, ntchito yomwe mukufuna. Mumalipira ndalama yolembetsera, amakulembani pa mzere wotsatira, n'kukuuzani kuti foni izikhala yoyatsa. Ena amapereka risiti, ena ayi. Musanatulutse ndalama, pemphani muone bukulo, ndipo musatengeke ndi kuchuluka kwa mayina. Yang'anani ndime yakumapeto kudzanja lamanja, pomwe pamayenera kulembedwa kumene munthu anatumizidwa ndi tsiku lake. M'mabuku ambiri ndime imeneyi imakhala mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo m'ena mulibemo n'komwe.

Kulembetsa dzina ndiko kumayenda malonda kwambiri, ndiponso ndiko kopanda pake kuposa zonse. Sikuti eni timaofesi onse ndi atambwali ayi, vuto ndi mmene msika wa ntchito ulili kwathu kuno. Mndandanda wa anthu ofuna ntchito umakhala ndi mtengo kumalo komwe antchito akusowa. Kuno osowa ndi olemba ntchito. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo kafukufuku wa za ntchito wa dziko lonse yemwe National Statistical Office inachita mu 2013 anaonetsa kuti anthu 89 pa 100 aliwonse ogwira ntchito anali pa ntchito zosatsata dongosolo la malamulo, ndipo pafupifupi 64 pa 100 anali pa ulimi. Bwana wa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja akangonong'oneza wophika wake kuti pakufunika wotsuka mbale, dzuwa lisanalowe pageti pamakhala patadzaza anthu, onse abale a antchito omwe alipo kale. Bwana wotere apitirenji ku boma kukaona buku la hadikava?

Akatswiri a zachuma anaziyesa zimenezi m'dziko momwe muno. Jessica Goldberg anapita m'midzi ya ku Dedza, ndipo kwa masabata 12 motsatizana, kamodzi pa sabata, ankapereka ganyu wa tsiku limodzi kwa anthu akuluakulu 529. Malipiro ankasintha sabata ndi sabata, kuyambira K30 mpaka K140 pa tsiku, ndalama za nthawi imeneyo. Pa malipiro otsikitsitsa aja, anthu 74 pa 100 anabwerabe kudzagwira, ndipo kukweza malipiro ndi 10 peresenti kunkangowonjezera obwera ndi 1.5 peresenti. Inali nyengo yomwe maganyu akumunda anali ochepa, komabe chithunzi chake n'choonekeratu: munthu wakumudzi sakhala pakhonde chifukwa chonyoza malipiro kapena chifukwa choti palibe amamudziwa, ntchito ikangooneka amaithamangira. David McKenzie wa ku World Bank atasonkhanitsa mu 2017 zotsatira za mapologalamu othandiza anthu kupeza ntchito m'maiko osauka, anapeza kuti ambiri amangowonjezera opeza ntchito ndi anthu awiri kapena kupitirira pang'ono pa 100 aliwonse. Amenewo ndi mapologalamu a ndalama zankhaninkhani, okhala ndi akatswiri. Nanga hadikava ya pa tebulo la fotokope ingapose pamenepo? Wokugulitsani malo pa mndandanda akukugulitsani madzi muli chiimire m'nyanja.

Kulemba CV ndi kalata yofunsira ntchito ndi nkhani ina. Apa pali ntchito yooneka ndi maso, ndipo kulipira n'koyenera, bola muyang'anire. Cholakwika chachikulu n'chakuti wotayipa amakhala ndi CV imodzi yakale mu kompyuta, n'kumangosinthamo dzina ndi tsiku lobadwa. Zotsatira zake, manijala amalandira makalata mulu omwe onse akunena kuti mwini wake ndi wolimbikira, woopa Mulungu, wokonda kuwerenga mabuku ndi kuonera mpira. Akawerenga atatu amadziwa kuti onse atuluka m'makina amodzi, otsalawo sawatsegulanso. Nthawi zina wotayipa amaiwala kufufuta nambala ya foni ya kasitomala wam'mbuyo, ndiye foni yoitanira ku intaviyu imalira m'thumba la munthu wina.

Musachoke pa tebulo musanaone zinthu zingapo ndi maso anu. Dzina likhale monga lilili pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Kuno ku Mangochi mayina ambiri amalembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, Yusufu pa chiphaso, Yusuf pa satifiketi ya MSCE, Usufu pa kalata ya amfumu, ndipo kalaliki wa ku kampani akaona kusiyana kumeneku amaganiza kuti satifiketi ndi yobwereka. Ngati mapepala anu akusiyana kale, kalumbireni kwa woweruza milandu kapena kwa loya kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi, kalatayo muziyenda nayo limodzi. Nambala ya foni ikhale yanu, yolembetsedwa pa chiphaso chanu, ndipo muikepo yachiwiri ya munthu yemwe mumagona naye nyumba imodzi, chifukwa olemba ntchito akaimba kawiri osayankhidwa amapita pa dzina lotsatira. Tsamba limodzi n'lokwanira. M'malo mwa mawu okometsera, lembani zinthu zoti munthu angathe kukuyesani nazo: kuti mumaphikira anthu 40 pa msonkhano, kuti mumadziwa mbaula ya gasi, kuti mumakonza injini za boti za Yamaha 15 ndi 40, kuti laisensi yanu ndi ya gulu liti ndipo ikutha liti. Zilankhulo musazisiye. Wolankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi chapakatikati ndi wofunika pa chipatala, m'sitolo ndi ku mabungwe ochita kafukufuku m'midzi, ndipo wa kufupi ndi Chiponde yemwe amamva Chipwitikizi ali ndi chinthu chomwe anzake alibe. Koma musalole wotayipa akulembereni Chingerezi chapamwamba chomwe simungachibwereze pakamwa, chifukwa pa intaviyu funso loyamba limachokera m'kalata momwemo.

Pomaliza auzeni akutumizireni fayiloyo pa WhatsApp, kuti mawa muzingolipira kusindikiza osati kutayipanso. Satifiketi yeniyeni ndi chiphaso cha unzika musasiye m'manja mwa aliyense, ngakhale atanena kuti bwana akufuna aone kaye. Fotokope yodindidwa imakwanira, zenizenizo mumazionetsa nokha pa tsiku la intaviyu n'kubwerera nazo.

Chinthu chomwe chili ndi mphamvu kuposa zonse, timaofesi tambiri sitichilabadira, mwina chifukwa chimafuna kuimba mafoni ndi kuyenda. Tikunena kalata ya umboni yochokera kwa bwana wakale. Funso lomwe limamusowetsa tulo wolemba ntchito si lakuti apeza kuti munthu, koma lakuti mwa anthu onse ali pagetiwa angasiyire ndani makiyi a sitolo, injini ya boti kapena mwana wakhanda. Chosowa pa msika wa ntchito kuno ndi chikhulupiriro. Ku South Africa, Martin Abel, Rulof Burger ndi Patrizio Piraino anatumiza makalata ofunsira ntchito a anthu omwewo, ena ndi kalata ya umboni, ena opanda, ndipo okhala ndi kalata ya umboni ankayankhidwa mochuluka ndi 60 peresenti, makamaka amayi. Anaonanso kuti kalata yoyamikira munthu pa chilichonse mpaka pamwamba mabwana saikhulupirira. Ku Addis Ababa nako, achinyamata omwe anathandizidwa kuonetsa luso lawo pa pepala, kuphatikizapo kuyesedwa ndi kupatsidwa satifiketi ya zomwe amatha, patatha zaka zinayi ankalandirabe zochuluka kuposa anzawo, pomwe phindu la omwe anangopatsidwa ndalama ya thiransipoti yokasakira ntchito linali litazilala.

Ambiri sadziwa kuti gawo lina la kalata yotere ndi ufulu wawo. Lamulo la za ntchito la 2000, lotchedwa Employment Act, limati ntchito ikatha, wantchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yosonyeza dzina ndi adiresi ya wolemba ntchito, mtundu wa bizinesi, nthawi yomwe wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chochokera pa ntchito ndi ndemanga ya kagwiridwe kake zimalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha. Kaofesi kabwino kayenera kukhala ndi fomu ya tsamba limodzi yoti mupite nayo kwa bwana wakale angochonga: kusunga nthawi, kukhulupirika pa ndalama ndi katundu, kugwirizana ndi anzake, kuwerenga ndi kuwerengera, kenako dzina, siginecha, chidindo ngati chilipo, ndi nambala yomwe imayankhidwa. Mabwana ambiri amazengereza kulemba kalata yonse, koma kuchonga mabokosi asanu savuta. Ndipo kaofesiko kaziyamba kaimba nambalayo kutsimikiza kuti munthuyo alipodi. Kaofesi komwe kamachita zimenezi n'koyenera kulipidwa mosanyinyirika, chifukwa kakuika dzina lake pa inu. Kalata ya amfumu ndi yothandiza pa ulonda ndi ntchito zapakhomo, poti imasonyeza kumene angakakupezeni zinthu zitasokonekera, koma sinena kanthu za luso lanu, ndiye isalowe m'malo mwa kalata ya bwana.

Omwe amavutika kwambiri pa nkhani imeneyi ndi anyamata obwerera ku Joni. Munthu wagwira zaka zisanu ku Johannesburg kapena Durban, kuika matayilosi, kuwotcherera zitsulo, kugulitsa m'shopu, koma alibe pepala ngakhale limodzi chifukwa ankagwira mobisala. Pa CV zaka zimenezo zimaoneka ngati dzenje. Choyenera kuchita n'kulemba ntchitoyo monga inaliri, kuikapo nambala ya WhatsApp ya bwana wakumeneko atavomera, ndi kusindikiza zithunzi zitatu kapena zinayi za ntchito ya manja ake. Kenako akafunse ku TEVETA za njira yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa omwe anaphunzira luso pogwira ntchito osati m'kalasi. Wotayipa wodziwa ntchito yake amamuuza zimenezi kasitomala, wosadziwa amangolemba kuti bamboyu anali pa bizinesi.

Tsopano pa kulumikiza munthu ndi bwana, pomwe pali ndalama zambiri ndi madandaulo ambiri. Kawirikawiri kaofesi kamadula gawo la malipiro a mwezi woyamba, ndipo tina timalandira mbali zonse ziwiri, kwa wantchito ndi kwa bwana, popanda mmodzi kudziwa za mnzake. Tiyeni tiwerengere. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi, antchito apakhomo K52,000, ndipo mu 2025 anakwera kufika K126,000 ndi K72,800. Tiyerekeze mayi wapezeredwa ntchito yapakhomo pa K72,800, kaofesi n'kudula theka la mwezi woyamba, K36,400. Akakhala chaka chonse amalandira K873,600, ndipo chodulidwacho ndi pafupifupi K4 pa K100 iliyonse, zomwe munthu angapirire. Akachotsedwa patatha miyezi itatu amakhala atalandira K218,400, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi lapita ku kaofesi. Apa ndiye pagona nkhani: mayiyo akachoka msanga, kaofesi kamatumiza wina pa nyumba yomweyo n'kudulanso theka. Kwa kaofesi, ntchito yosakhalitsa ndiyo yokoma. Palibe chomwe chimakakakamiza kufufuza ngati bwanayo amalipira pa nthawi yake kapena ngati atsikana atatu athawapo kale chaka chomwecho.

N'chifukwa chake pangano la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, nambala 181 la 1997, limanena kuti mabungwe opezera anthu ntchito asamalipiritse wantchito, wolipira akhale wolemba ntchito. Ndi muyezo wabwino woyezera kaofesi kalikonse. Bwana akalipira yekha amafuna munthu wokhalitsa, ndipo kaofesi kamakakamizika kusankha bwino. Ngati simungachitire mwina koma kulipira ndinu, gwirizanani zinthu zitatu ndipo zilembedwe pa risiti: kuti mudzalipira mutalandira malipiro oyamba osati musanayambe, kuti ndalamayo ndi yakuti m'makwacha osati mawu akuti tidzaona, ndi kuti ntchito ikatha miyezi itatu isanakwane popanda mlandu wanu akupezerani ina osadulanso kapena akubwezerani. Wokana kulemba zimenezi wakuuzani kale mmene zidzathere. Ndipo malipiro anu asamadzere pa Airtel Money kapena Mpamba ya mwini kaofesi, azibwera kwa inu mwachindunji.

Pepala la mgwirizano ndi pomwe timaofesiti timafooka kwambiri, chonsecho makina otayipira ali pomwepo. Lamulo limafuna kuti wolemba anthu asanu kapena kuposa apo apereke zolembedwa zofotokoza ntchitoyo pasanathe mwezi, koma ngakhale pa nyumba ya munthu, tsamba limodzi losayinidwa limapulumutsa. Mulembedwe malipiro ndi tsiku lolandira, maola, ndi tsiku lopuma. Sabata ya ntchito ndi maola 48, ovataimu wamba amalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo kugwira pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma ndi kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Wolandira pa mwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi. Pa kampani, funsani za penshoni: bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5. Wogwira patsikupatsiku agawe malipiro otsikitsitsa a pa mwezi ndi masiku 26, monga pa K126,000 ya mu 2025 tsiku limodzi linali K4,846, ndiye adziwe pomwe akuyambira kukambirana. Kwa alonda, funsani mosapita m'mbali kuti usiku ndi maola angati komanso ndani amalowa m'malo pa tsiku lopuma, chifukwa ambiri amalondera masiku onse asanu ndi awiri pa malipiro a asanu ndi limodzi.

Pali zina zomwe fomu yokopera pa intaneti singakhale nazo koma kuno zimathetsa ntchito. Swala ya Lachisanu masana ikambidwe poyamba, pamodzi ndi kagwiridwe ka mwezi wa Ramadan ndi tsiku la Eid. Wophika yemwe sagwira nkhumba kapena mowa anene asanayambe, osati pa tsiku lomwe alendo aitanitsa. Wopita kukagwira ku Blantyre kapena Lilongwe alembetse kuti thiransipoti yobwerera idzachokera kwa ndani, ndi kuti chakudya ndi pogona sizidzadulidwa pa malipiro. Za msinkhu ndiye palibe kukambirana. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa pakati pa 14 ndi 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza sukulu. Kaofesi komwe kamatumiza atsikana a ku Makanjira kapena Katuli m'tauni osaona chiphaso, kongoyang'ana thupi n'kunena kuti uyu ndi wamkulu, si kofooka chabe, n'koopsa.

Chinanso chomwe buku la hadikava silidziwa ndi kalendala. Ntchito za ku Mangochi zimayenda ndi nyengo kuposa za m'tauni. Malo ogona alendo amadzaza pa Isitala, pa tchuthi cha Anakubala cha pa 15 Okutobala, pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndiponso pakakhala misonkhano ya mabungwe ndi boma. Ambiri olembedwa nthawi zimenezi ndi a masiku owerengeka, ndiye pepala lapachitseko likati pakufunika operekera zakudya, funsani ngati ndi ntchito yokhazikika kapena ya sabata imodzi, musadulitse theka la mwezi pa ganyu wa masiku asanu. Nthawi yabwino yosiya kalata ndi milungu itatu kapena inayi chikondwerero chisanafike, ndipo kukaisiya nokha pageti kumaposa kudikira foni. Ganyu wa sabata imodziyo musamunyoze, poti ndi pomwe manijala amaonera manja a munthu, ndipo pochoka mungapemphe kalata ija.

Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, wantchito yemwe ali ndi munda kwawo mtima umakhala kumudzi. Mabwana amadandaula kuti mlonda wangosowa osatsanzika, chonsecho wapita kukabzala, ndipo mu Januwale adzasowanso kukapalira. Kaofesi kanzeru kangafunse funso limodzi polembetsa, kuti muli ndi munda ndipo adzalima ndani, n'kuthandiza kuti masiku a tchuthi aikidwe pa nyengo imeneyo. Mbali inayo ndi yowawa: m'miyezi ya njala anthu amasiya minda yawo kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze ufa wa tsikulo, ndipo poti onse amatuluka nthawi imodzi, mtengo wa ganyu umagwa. Kafukufuku wa Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye ku Chipata m'dziko la Zambia, kwa anzathu olankhula chilankhulo chomwechi, anaonetsa kuti mabanja atapatsidwa ngongole yaing'ono ya ndalama kapena chimanga m'nyengo ya njala, anachepetsa maganyu, anakolola zambiri, ndipo malipiro a ganyu m'midzimo anakwera. Choncho wolembetsa dzina mu Januwale kapena Febuluwale adziwe kuti akulowa pa msika pa nthawi yomwe ofuna ntchito ali ochuluka kwambiri, ndipo ndalama yolembetserayo ikanagula chimanga.

Ntchito zambiri za m'boma lino sizidutsa n'komwe pa timaofesi timeneti. Alovi, omwe amagwira ntchito m'maboti a asodzi, amalembedwa pa doko, ku Msaka, Malembo, Makawa kapena ku Malombe, ndi mwini khoka la chilimira kapena nkacha yemwe amawadziwa, ndipo malipiro ake ndi gawo la nsomba zomwe zaphedwa akachotsa za mafuta. Usipa umaphedwa ndi nyali mwezi ukakhala mumdima, mwera ukawomba pakati pa Juni ndi Ogasiti maboti amakhala kumtunda masiku angapo, ndipo mu Novembala ndi Disembala makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Palibe kaofesi komwe kangakulonjezeni malipiro a pa mwezi pa ntchito yotere. Ntchito za chitukuko zolipidwa ndi boma, zokumba migula ndi kubzala mitengo, mayina ake amachokera ku makomiti a m'midzi ndi ku khonsolo, osati pa tebulo la fotokope. Za upolisi, usilikali, uphunzitsi ndi unamwino zimalengezedwa poyera ndipo sizigulidwa. Wonena kuti ali ndi munthu wake mkati, mungomupatsa kangachepe, ameneyo ndi dobadoba, ndipo zikavuta simungakadandaule kulikonse chifukwa nanunso mwalowa mu mlandu wa ziphuphu.

Mapepala okopa kwambiri pachitseko ndi a ntchito zakunja. Anthu a kuno kupita kunja kukagwira ntchito si zachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda n'kuimitsa zolemba anthu. Akatswiri a zachuma Taryn Dinkelman ndi Martine Mariotti anapeza kuti m'madera omwe munachoka amuna ambiri nthawi imeneyo, ana anaphunzira kwambiri chifukwa cha ndalama zomwe zinkabwera. Ndiye kupita kunja pakokha si kulakwa, ndipo nyumba zamalata za ndalama za ku Joni tonse timaziona m'midzi. Koma Wenela, ndi nkhanza zake zonse, inali ndi kontirakiti, kaundula ndi njira yotumizira ndalama kumudzi. Kaofesi ka chipinda chimodzi kalibe chilichonse mwa zimenezi. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe anapezeka ali mu ukapolo wa ntchito zapakhomo ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Zizindikiro zake sizisintha. Amafuna ndalama mwachangu ati malo atsala awiri, kontirakiti ati mukasayina mukafika kapena ili m'chilankhulo chomwe simumva, visa ndi yokacheza osati yogwirira ntchito, tikiti ndi yopita yokha, ndipo pasipoti ati asunga iwo kuti isasowe. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kubwerera. Dzina la kampani yomwe akuti ikutumiza anthu mukalifunse ku Unduna wa Zantchito musanapereke kanthu, ndipo fotokope ya pasipoti, kontirakiti ndi nambala ya wotumizayo zitsale ndi abale kunyumba. Kuzembetsa anthu ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la 2015, ndipo wolemba mayina pa Mangochi amakhudzidwa ngakhale iye sanakwere ndege.

Kwa olemba ntchito, kaofesi kangakupulumutseni nthawi pokhapokha mutakauza chomwe mukufuna: anthu atatu okha osati khamu, aliyense ndi fotokope ya chiphaso, kalata ya amfumu, ndi bwana wakale yemwe kaofesiko kalankhula naye. Nambalayo muiimbenso nokha, ndipo mufunse funso lomwe m'bale wongonamizira ubwana sangayankhe msanga, monga malipiro omwe ankapereka ndi mwezi womwe munthuyo anachoka. Muyeseni ntchito tsiku limodzi kapena awiri ndipo masiku amenewo mulipire. Chindapusa cha kaofesi mulipire inu, theka poyamba, theka munthuyo akakwanitsa miyezi itatu.

Zinthu zikasokonekera, mwini kaofesi amakweza manja n'kunena kuti iye anangolumikiza. Kopita ndi ku leba, ku ofesi ya zantchito ya boma, komwe amamva madandaulo a malipiro, a kuchotsedwa ntchito ndi a chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe wachotsedwa kuti akadandaule kumeneko, ndipo nkhani ikakanika imapita ku bwalo la milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court. Ambiri amataya miyezi imeneyi akuyendera kaofesi komwe kamangowauza kuti abwere mawa. Popita ku leba tengani risiti ya kaofesi, pepala la mgwirizano, mauthenga a pa foni osonyeza ndalama zomwe munalandira ndi masiku ake, komanso kope lomwe munkalembamo nthawi yolowa ndi yoweruka, ngakhale litakhala la ana asukulu la masamba 40.